PAYE andidula kale, pa lendi andidulanso 20%, ndiye return ndi yachaninso?

Nasibeko_25
Anthuni ndithandizeni mutu waima. Ndimagwira ntchito pa kampani ina ku Kanengo, malipiro K600,000 asanadule, PAYE, msonkho wa pa malipiro uja, imachoka mwezi ndi mwezi pa payslip ndimaiona ndi maso angawa. Ndiye ndili ndi kanyumba ku Area 25 komwe anandisiyira malemu bambo, chaka chatha kanalowa kabungwe kena nkuikamo ofesi, lendi tinagwirizana K300,000 koma ku akaunti kumalowa K240,000 akuti 20% ndi withholding tax. Chabwino sindinakane. Pano dzulo wa accounts kuntchito akundiuza kuti ndikuyenera kupereka return ku MRA September asanathe apo ayi kubwera chindapusa. Return yachaninso pomwe mbali zonse ziwiri andimeta kale? Kapena amangondiopseza?

KaGeni_Lunzu
Amangokuopsezani mayi. Akadula adula basi. Ine zaka zonsezi sindinalembepo fomu ina iliyonse ndipo ndikugona tulo tabwinobwino

chimwemwe_acc
@KaGeni_Lunzu tulo tanuto musagawireko ena chonde kkkk. @Nasibeko_25 wa accounts wanuyo sananame. Nkhani ili apa: munthu amene ndalama zake zonse ndi malipiro a pantchito imodzi, PAYE imakhala yamumalizira zonse, abwana ake amadula nkukapereka pofika pa 14 mwezi wotsatira, iyeyo alibenso chochita. Koma mukangokhala ndi mpopi wina pambali, kaya lendi, kaya maganyu a consultancy, kaya geni, zinthu zasintha. Withholding ija si msonkho womaliza, ili ngati chikole chomwe mwaperekeratu. Kumapeto kwa chaka mumasonkhanitsa zonse pamodzi, malipiro ndi phindu la pa lendi, nkuwerengera msonkho wa zonsezo, kenako nkuchotsapo PAYE ndi withholding zomwe zinapita kale. Chotsala ndiye mumawonjezera, kapena ngati munapereka zopyola ndiye ali ndi ngongole kwa inu ndi iwowo. Return ndi pepala lomwe mumasonyezerapo masamu amenewo basi.

Nasibeko_25
Ndiye kuti pali kuwonjezeranso?? Mayo ine. Nanga September akuchokera pati

chimwemwe_acc
Chaka cha msonkho pano chimayamba 1 April kutha 31 March, kutsatira chaka cha boma chomwe anasintha kuchoka ku July-June kuja. Lamulo limapereka masiku 180 chaka chikatha, mukawerenga pa kalendala mufika kumapeto kwa September. Musadikire tsiku lomaliza, pamakhala chipwirikiti aliyense akufuna kulowa nthawi imodzi.

Bambo_a_Tadala
Ndiloleni ndipange masamu poyera kuti tonse tione, chifukwa kulongosola ndi pakamwa kokha anthu amangoti eya eya asanamve. Tigwiritse ma rate a chaka chomwe ndalamazi munapeza, omwe anayamba April 2024: K150,000 yoyamba pa mwezi panalibe msonkho, K350,000 yotsatira 25%, kuchoka pamenepo mpaka K2,550,000 inali 30%, kupyola apo 35%.

Pa K600,000 yanuyo: 25% ya 350,000 ndi 87,500, kuphatikiza 30% ya 100,000 yotsalayo 30,000, PAYE ikukwana K117,500 pa mwezi. Taonani pa payslip ngati si choncho. Ndiye onani bwino apa, malipiro anu okha adya kale gawo laulere lija, adyanso la 25% lonse, mwalowa kale mu 30%. Kutanthauza kuti kwacha iliyonse ya phindu la lendi ikubwera pamwamba, ikugwera mu 30%. Koma alendi anu akudula 20% yokha. Mpata wa pakati pa 20 ndi 30 ndi umene return ikufuna.

Lendi pa chaka K3,600,000, withholding pa chaka K720,000. Mukapanda kuonetsa chilichonse chomwe munawononga panyumbapo, msonkho ndi 30% ya 3,600,000 yomwe ndi 1,080,000, kuchotsa 720,000, mutulutsa m'thumba K360,000. Koma tinene kuti munapenta, munakonzetsa mapaipi, munalipira city rate, zonse pamodzi K900,000 ndipo malisiti alipo. Phindu latsika kufika 2,700,000, msonkho 810,000, kuchotsa 720,000 mwatsala ndi K90,000 yokha. Mwaona kusiyana kwa munthu wosunga malisiti ndi wotaya?

Nasibeko_25
Payslip ikuti 117,500 ndendende, ndachita mantha ngati mwandibera foni kkkk. Koma malisitiwo ndiye vuto, kupenta ndinapentadi December koma anapenta ndi mnyamata wa m'dera momwemo, lisiti akalitenga kuti

Mlamu_wa_Onse
Penti munagula kuti? Ku hardware anakupatsani lisiti ndithu, fufuzani m'zikwama zakale. Za mnyamatayo ngati munamutumizira pa Airtel Money kapena Mpamba uthenga ulipo, mumulembetse kapepala kuti analandira zakuti pa ntchito yakuti asayine aikepo nambala ya chiphaso. Sindikuti akalandira zilizonse koma bola zimenezo kusiyana ndi kupita chimanjamanja

KaGeni_Lunzu
Inu mukuzipanikiza nokha. Tipereke tipereke, msewu wa kwathu kuno maenje okhaokha, ku chipatala panado akuti kaguleni ku pharmacy. Ndalamazo zimapita kuti

Joni_Boy_Randburg
Funso lanu ndi labwino akulu koma si yankho la funso la mayiwa kkkk. Kukwiya ndi maenje sikufufuta chindapusa

Gogo_Digital
Ana inu mukudandaula za fomu ya pa kompyuta. Ife tikukula msonkho unali wa mutu, mwamuna aliyense wamkulu kaya ali pantchito kaya ayi, ndipo kalata yake umayenda nayo m'thumba ngati mankhwala. Amesenjala akangotulukira kumudzi amalume anga amakalowa m'nkhokwe mwa chimanga mpaka dzuwa kupendeka. Agogo awo ndiye amasimba za msonkho wa nyumba nthawi ya atsamunda, anthu kupita kukagwira ntchito m'maesiteti a ku Thyolo ndi Mulanje kuti angopeza ya msonkhoyo. Panopa bola amayamba afunsa kuti wapeza zingati.

Koma ndabwera ndi yanga. Ndinapuma ntchito, chomwe ndimadalira ndi nyumba imodzi ku Chilomoni, alendi ake ndi kampani nawonso amadula 20% yomweyo pa K300,000. Kodi nanenso ndikawonjezere ngati mwana wangayu?

Bambo_a_Tadala
Agogo inu ndiye nkhani yanu yatembenuka. Ngati lendiyo ndi yokhayo yomwe mumapeza, gawo laulere lija simunaligwiritse pena paliponse, ndipo pa chaka ndi K1,800,000. Tinene zokonzakonza zinakwana K600,000, phindu 3,000,000. Chotsani 1,800,000, yotsala 1,200,000 pa 25% ndi K300,000. Koma anakudulani K720,000. Mwapereka mopyola ndi K420,000 ndipo popanda return palibe amene adziwe kuti ndalama imeneyo ndi yanu. Nyumba yofanana, lendi yofanana, wina awonjezera wina abwezeredwa.

Gogo_Digital
Ha! Zaka 4 zonsezi ndakhala ndikungopereka mphatso osadziwa

chimwemwe_acc
Ndi ambiri agogo, makamaka opuma ntchito ndi amayi amasiye omwe amadalira lendi. Anthu amaopa return ngati ndi msampha pomwe kwa ena ndi njira yokhayo yoitanitsira zawo. Kungoti konzekani, akamabweza ndalama amayamba aona kaye mapepala onse, ndiye ma certificate a withholding akhale okwana mwezi uliwonse.

Nasibeko_25
Certificate yake iti? Ine amangonditumizira ndalama basi palibe pepala lomwe anandipatsapo

Mai_Fatsani_BT
Apo ndiye thamangani mawa lomwe. Ndikuuzeni zomwe zinandionekera ine. Ndinapanga ka consultancy kwa kampani ina, sinditchula dzina, miyezi 5 kulemba ma report usiku osagona, payment iliyonse amadula 20% ine nkumati zili bwino zikupita ku boma. Nthawi ya return itakwana ndikuyang'ana pa TPIN yanga palibe olo tambala yomwe inalowa m'dzina langa. Kupita ku ofesi kwawo, wa accounts wasiya ntchito, watsopanoyo akuti sakudziwapo kanthu, bwana wamkulu ali ku field, mawa bwerani, mawa bwerani, ndinatha nsapato. Pomaliza zinapezeka kuti miyezi iwiri sanapereke nkomwe, itatu inayo anapereka koma analemba TPIN yolakwika nambala imodzi. Zinakonzedwa koma patapita nthawi ndipo ndinachita kuwaopseza kuti ndikukanena. Chiyambire pamenepo munthu akandidula ndimati certificate pompano, ndalama ndi pepala ziyendere limodzi. Wodulayo ndi udindo wake kukupatsani, si chifundo ayi.

Mlamu_wa_Onse
Zoona izi. Ndiponso kuntchito mupemphe P9, ndi pepala lomwe limasonyeza malipiro anu onse a chaka ndi PAYE yomwe inadulidwa. Osamangodalira ma payslip 12 omwe ena anasowa kale

Ndata_Farm_Guy
Funso lopusa mwina, TPIN ndi chani ndipo amagula zingati

chimwemwe_acc
Si lopusa. Ndi nambala yomwe MRA imakudziwirani ngati wokhoma msonkho, zonse zanu zimalembedwa pa nambala imeneyo. Saigulitsa, kulembetsa ndi ulere, mumangofunika chiphaso cha unzika. Wina akakuuzani kuti mupereke kangachepe kuti akupangireni TPIN dziwani kuti mukulipira miyendo yake osati nambalayo. Mukakhala nayo mumatsegula akaunti pa Msonkho Online, return mumaperekera pomwepo.

Joni_Boy_Randburg
Kuno ku Joni zinthu zinafewa pang'ono. Chaka cha SARS, bungwe la msonkho la kuno, chimayamba 1 March kutha February, abwana amatumiza okha IRP5 yako, pepala longa P9 lija, season ikatsegulidwa cha mu July ambiri timangolandira SMS kuti takuwerengera kale, auto assessment. Ukagwirizana nazo umangokhala, refund imagwera mu akaunti. Koma chenjezo kwa abale ali kuno, zomwe amawerengerazo ndi zokhazo zomwe alandira kuchokera kwa abwana, ku banki, ku medical aid. Ngati umapanga ma piece job weekend kapena uli ndi ka room ukubwereketsa iwo sakudziwa, ndi iweyo woti ulowe pa eFiling ukawonjezere pa ITR12, fomu ya return ya kuno. Ndiye nkhani ndi yomweyi ya mayiwa, malipiro okha palibe vuto, mpopi wachiwiri ndi umene umabweretsa fomu

Nurse_ku_Leeds
Ku UK chimodzimodzi. Chaka chawo ndi chodabwitsa, 6 April mpaka 5 April. Wa PAYE yekha amangolandira P60, pepala longa P9, basi. Koma ukayamba kuluka tsitsi kapena kuphika nsima ya ma party nkupeza zopyola £1,000 pa chaka uyenera kulembetsa self assessment, yomwe ndi return ya kuno, ku HMRC, bungwe lawo la msonkho, ya pa intaneti deadline 31 January, ukachedwa olo tsiku limodzi £100 yapita ngakhale ulibe msonkho woti ulipire. Mnzanga wina analira nayo, £100 mukaisintha kukhala makwacha ndi matumba a fetereza amenewo

KaGeni_Lunzu
Mwayamba kutionetsa ma pounds tsopano. Tumizani kaye kuno tione ngati ndi enieni

Nurse_ku_Leeds
Kkkkk inu lembetsani kaye TPIN ndikutumizireni. Koma serious ndili ndi funso, ndikumanga ku Area 49 ndikamaliza ndiika alendi. Poti ine ndimakhoma msonkho kuno, kumudziko zindikhudzanso?

chimwemwe_acc
Zikukhudzani sisi. Malawi amayang'ana komwe ndalama yachokera, nyumba ili ku Lilongwe ndiye lendi yake yachokera m'Malawi, kaya mwini wake ali ku Leeds kaya ku mwezi. Kungoti kwa munthu wosakhala m'dziko muno kadulidwe kake kamasiyana ndi ka @Nasibeko_25, ndiye musakopere masamu ali pamwambawa. Komanso uko muliko angafune kuti muitchule ndalama imeneyo pa return yanu. Nyumba isanalowe munthu khalani pansi ndi wodziwa mbali zonse ziwiri, izi si zomalizira pa gulu.

Ndata_Farm_Guy
Tabwererani kuno kumudzi abale. Za zowononga zija, ine chaka chatha ndinamanga mpanda wa njerwa kuzungulira nyumba ya lendi, K4 million inapita. Ndiye ndikachotsa imeneyo pa lendi ndiye kuti phindu palibe, msonkho ziro eti?

Bambo_a_Tadala
Ayi achimwene pamenepo mugwa nazo. Pali kukonza ndi kuwonjezera. Mpanda unalipo wagwa ndi mvula mwaukonza kuti ubwerere mwakale, kumeneko ndi kukonza, kumachotsedwa. Koma panalibe mpanda inu mwamanga watsopano, kapena mwawonjezera chipinda, mwamanga boys quarter, chimenecho ndi chuma chomwe mwaika panyumba, mtengo wa nyumba wakwera, sichichotsedwa pa lendi ya chaka chimenecho ngati penti. Malisiti ake sungani ndithu adzagwira ntchito tsiku lomwe mudzagulitse nyumbayo, koma osawaponya mu return ya chaka chino.

Ndata_Farm_Guy
Koma mpandawo ndinamangira alendi omwewo, amadandaula akuba

Bambo_a_Tadala
Alendi akadzatuluka mpanda adzanyamula?

Mlamu_wa_Onse
Kkkkkkk ena amanyamula ndithu, anga ananyamula mpaka ma bulb ndi chitseko cha bafa

Mai_Fatsani_BT
Musandikumbutse. Wanga anathawa usiku ndi miyezi itatu, makiyi anasiya kwa neba, mkatimo makoma ngati munkaphikidwa kanyenya. Kuika kampani kapena bungwe bola amadula 20% koma ndalama imabwera tsiku lake

Achimwene_Zomba
Pamenepo pomwe ndimafuna kufunsa. Alendi anga ndi banja wamba, amandipatsa cash pamanja palibe chodula. Ndiye kuti ine za msonkho sizikundikhudza?

chimwemwe_acc
Zikukukhudzani kuposa onse. Kusadulidwa withholding sikutanthauza kuti ndalamayo ilibe msonkho, kukungotanthauza kuti palibe chomwe mwaperekeratu, ndiye msonkho wonse ukudikira inu. Ndipo apa pakubwera provisional tax yomwe sitinaikambe. Munthu wokhala ndi ndalama zomwe sizidutsa ku PAYE amayenera kuyerekeza msonkho wake wa chaka nkumapereka pang'onopang'ono miyezi itatu iliyonse, pofika pa 25 mwezi wotsatira quarter ikatha. Chaka chikamatha zomwe mwaperekazo zikhale zitafika 90% ya msonkho weniweni, zikachepera pamakhala chilango. Kwa @Nasibeko_25 PAYE ndi withholding zanyamula kale gawo lalikulu, koma inu a cash pamanja palibe chakunyamulirani.

KaGeni_Lunzu
Nanga adziwa bwanji poti ndi cash

Bambo_a_Tadala
Mwina sadziwa chaka chino, mwina ngakhale chamawa. Koma tsiku lomwe mudzafune tax clearance, kalata ya MRA yoti za msonkho wanu zili bwino, kaya mukusintha umwini wa malo kaya mukufuna tender, funso loyamba lidzakhala ma return anu ali kuti. Pamenepo ndi pomwe zaka zonse zija zimadzuka limodzi ndi chiwongoladzanja chake. Ndinaona munthu wogula ali chire ndi ndalama m'manja, wogulitsa akuthamanga ndi mafayilo a zaka zisanu.

KaGeni_Lunzu
Olo ndinene zoona, TPIN ndili nayo ndinatsegula nthawi ina ndikufuna kusupplaya nyemba pa sukulu ina. Geniyo inafa chaka chomwecho. Panopa ndingokhala ndi ka grocery. Ndiye mukuti chani

Mlamu_wa_Onse
Hahaha tulo tabwinobwino tija tathera pompa

chimwemwe_acc
Musamuseke, ambiri ali momwemo. Akulu, TPIN ikakhala yolembetsedwa kuti mukuchita geni, kaundula amayembekezera return chaka chilichonse. Ngati simunapange kanthu mumapereka ya ziro, nil return, kungonena kuti chaka chino palibe. Kukhala chete iwo sawerenga ngati ziro, amawerenga ngati simunapereke. Pitani ku ofesi yomwe ili pafupi mukafotokoze kuti geni ija inatha, akonze zolembedwa zanu. Za grocery funsani za presumptive tax, ndi ya mageni ang'onoang'ono omwe zogulitsa zawo pa chaka sizipyola K12.5 million, mumalipira ndalama yokhazikika malinga ndi gulu lomwe mwagweramo osavutika ndi ma accounts ambirimbiri. Kupita nokha ndi kuchita kukupezani nkhani zake sizifanana.

Gogo_Digital
Inetu za kompyutazi maso anafooka. Kodi ndingatume mdzukulu kapena ndipeze wondilembera?

Mai_Fatsani_BT
Mdzukulu akhoza kukuthandizani kudina koma mukhale pambali pake agogo, zomwe zalembedwazo mwini wake ndinu. Za olembera ena samalani, alipo abwino odziwa ntchito, alipo ena ongoyendayenda ndi laputopu amakulonjezani refund yaikulu nkukulemberani zowononga zabodza, iwo atenga yawo apita, kukabwera audit oyankha ndinu. Password yanu ya Msonkho Online musamangopatsa aliyense, ndipo nambala ya foni ndi email zolembetsera zikhale zanu osati za wokuthandizaniyo, mukadzayambana mudzavutika kulowa mu akaunti yanu yomwe

Achimwene_Zomba
Ma rate aja a Bambo a Tadala ndi okhazikika?

Bambo_a_Tadala
Ayi amasintha ndi bajeti. Gawo laulere linali K100,000 lisanafike K150,000 mu 2024, ndipo pambuyo pake linasinthanso. Return iliyonse mumawerengera ndi ma rate a chaka chomwe ndalamazo munapeza, osati omwe mwamva pa wailesi sabata ino.

Nasibeko_25
Ndabwerako anthuni. Kuntchito P9 andipatsa lero lomwe osavuta. Kubungwe kuja wa finance anayamba wandiyang'ana ngati ndabwera kudzapempha ngongole koma wapeza ma certificate 10, a January ndi February akuti afufuza andiimbira Lachisanu. Malisiti a penti ndawapeza m'Baibulo la amayi kkkk, la city rate lilipo, la plumber palibe ndipo nambala yake siyikupezekanso. Ndawerengera zomwe zili ndi umboni zakwana K640,000 ndiye ngati ndatsata bwino masamu a Bambo a Tadala phindu ndi 2,960,000, msonkho 888,000, kuchotsa 720,000 nditulutsa K168,000. Ndalakwitsa?

Bambo_a_Tadala
Mwakhoza, bola ma certificate awiri otsalawo apezeke ndipo ndalama zake zioneke pa TPIN yanu. Akapanda kupezeka ndiye 120,000 ina ikhala ikulendewera, ndiye Lachisanu musadikire kuti akuimbireni, pitani.

KaGeni_Lunzu
Ofesi ya ku Blantyre amatsegula nthawi yanji, ndikufunsira mnzanga

Mlamu_wa_Onse
Mnzanuyo atenge chiphaso ndi TPIN ya nyemba ija